Nanga Mwamunayo Ali Kuti?



Abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu achinyamata a kuno ku Neno, sabata ino tikambirana nkhani imene ambiri a ife timakonda kuinong'ona kuseri kwa tchalitchi Misa ikatha, koma sitiitchula pa msonkhano wa mphakati kapena m'kalasi ya katekisimu. Nkhaniyo ndi ya mimba za ana ndi matenda opatsirana pogonana. Tikudziwa kuti ena mwa makolo athu akhumudwa poona mawu ena amene tiwatchule poyera. Tikuwapempha kuti apirire mpaka kumapeto, pakuti mlandu umene tikuzenga lerowu ukuyamba ndi ife eni amene tikulemba.

Miyezi yapitayo tidakhala nawo pa msonkhano wa akuluakulu a tchalitchi lina la m'boma lino. Nkhani yake idali ya mtsikana wa zaka 15, wa Fomu 2, amene ankaimba kwaya. Dzina lake ndi la mudzi wake sititchula. Kwawo n'kutali ndi sukulu, choncho makolo adampezera kachipinda ka lendi pa malo ena a malonda, kumene ankadziphikira yekha ndi anzake awiri. Mimba itayamba kuoneka, msonkhano udatenga nthawi yochepa chabe: mtsikanayo achoke mu kwaya, asamayendenso ndi gulu la achinyamata, mayi ake akalangizidwe. Tonse tidavomera, tidapemphera, n'kubalalika. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ife amene tidakhala zaka ku seminale, amene adafunsa kuti mimbayo idampeza bwanji mwana ameneyu.

Pambuyo pake tidamva zimene aliyense ankazidziwa kale. Mwamunayo ndi bambo wa zaka zoposa 30, wokwatira, wa golosale. Ankampatsa mwanayo sopo, ndiwo ndi ndalama ya lendi mwezi ukavuta. Abale a mbali ziwiri adakumana usiku, chindapusa chidaperekedwa, nkhani idatha. Lamulungu lotsatira bamboyo adakhala pa mpando wake wa nthawi zonse, ndipo pa pepala sande dzina lake lidaomberedwa m'manja. Mtsikana uja atapita ku sikelo, azamba adamuyeza magazi n'kumpeza ndi chindoko. Mkazi wa bamboyo, amene ali kunyumba ndi ana, palibe adamuuza kuti nayenso akayezetse.

Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, mutu 8, akuluakulu a Malamulo adadza kwa Yesu ndi mayi amene ankati amugwira akuchita chigololo. Tidaphunzira nkhani imeneyi tili ana, koma kawirikawiri sitiona chimene chikusowamo. Tchimo limenelo sachita munthu mmodzi, komabe pa bwalo paja adaimirira mayi yekha. Mwamuna sadatchulidwe nkomwe. Msonkhano wathu uja udachita chimodzimodzi, ndipo tidakhala ku mbali ya anthu ogwira miyala. Kusiyana kwake n'kwakuti amene tidamuimika pakati ife adali mwana.

Tisanamizane kuti iyi ndi nkhani ya mtsikana mmodzi wosamva. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi, 29 adali atabereka kale kapena adali oyembekezera. Kafukufuku yemweyo adapezanso kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 adalowa m'banja asanafike zaka 18. M'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa mu Marichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma lidalengeza kuti m'miyezi yochepa atsikana pafupifupi 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Mimba iliyonse mwa zimenezi ili ndi mwamuna wake. Nanga amuna 40,000 amenewo adaimirira pa bwalo liti?

Ena adzati izi n'za ku Ndirande ndi ku Mbayani, ife kuno ndife alimi a mbatata ndi manachesi. N'zoona kuti boma lathu, limene lidapatuka ku Mwanza m'chaka cha 2003 ndipo kalembera wa 2018 adalipeza ndi anthu oposa 138,000, ndi la midzi kwambiri. Koma tauni idatipeza kale. Pa Zalewa, pamene msewu wa M1 umakumana ndi wa M6 wopita ku chipata cha Mwanza ndi ku Tete, magalimoto akuluakulu amaima usana ndi usiku. Pa Boma ndi pa Lisungwi pali malo ogona alendo, malo oonetsera mafilimu, njinga zamoto za kabaza ndi mafoni m'manja mwa ana a sukulu. Atsikana athu ena amapita ku Blantyre kukagwira ntchito za m'nyumba ali aang'ono, n'kubwerako ndi mimba imene mwini wake satchulidwa. Ndiponso kafukufuku uja adaonetsa kuti ku midzi atsikana 31 mwa 100 adali atayamba kubereka, pamene m'matauni adali 21. Choncho ngozi yaikulu ili pamene umphawi wa ku mudzi ukumana ndi ndalama za pa msika, ndipo malo amenewo ndi amene ana athu a sekondale amachitako lendi. Mwana amene wagona ndi njala masiku awiri mayeso ali pafupi, chidyamakanda sichivutika kumupeza.

Mimba imaoneka, n'chifukwa chake timaiweruza. Nthenda imabisala, n'chifukwa chake sitiilankhula. Tiyeni tiitchule ndi maina ake, pakuti ana athu sangathawe chilombo chimene sakuchidziwa.

Chindoko chimayamba ndi kachilonda kosapweteka ku maliseche, ndipo kachilondako kamapola kokha. Munthu amaganiza kuti wachira, pamene nthenda yalowa m'magazi ndipo ikhoza kukhalamo zaka zambiri n'kudzaononga mtima ndi ubongo. Mtsikana woyembekezera amampatsira mwana ali m'mimba, ndipo zotsatira zake ndi kupita padera, kubereka mwana wakufa kapena khanda lodwala. Chikhalirecho, nthenda imeneyi imachizika ndi jakisoni wa penisilini ikapezeka msanga.

Chinzonono chimadziwika msanga kwa mnyamata chifukwa amamva kupweteka pokodza ndipo amatuluka mafinya. Kwa mtsikana nthawi zambiri sichionetsa chizindikiro chilichonse. Chimakwera mwakachetechete mpaka m'njira zodutsa mazira n'kuzitseka. Zaka zikapita, mtsikanayo akadzakwatiwa mwa ulemu pa guwa, mwana sadzaoneka, ndipo apongozi adzamutcha chumba. Adzaimanso pa bwalo yekha kachiwiri chifukwa cha nthenda imene adapatsidwa ali mwana. Mayi wa chinzonono akabereka, nthendayo ikhoza kulowa m'maso mwa khanda mpaka kulichititsa khungu.

Palinso kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo mtsikana amene wayamba kugonana ali wamng'ono amakhala pa chiopsezo chachikulu. Katemera wake adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Kodi ndi kangati pamene tidalengeza za katemerayu pa zolengeza za pa Misa, monga timalengezera za mtulo?

Pamwamba pa zonsezi pali kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'dziko muno pafupifupi 9 ali nako, ndipo amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Zilonda za chindoko ndi kutupa kwa chinzonono zimatsekulira khomo kachilomboka. Bambo wa zaka 30 amene wayenda ndi akazi ambiri akagona ndi mwana wa zaka 15, amamusenzetsa mbiri yonse ya thupi lake. Ndipo thupi la mwanayo silinakhwime kuti libereke: chiuno chikadali chopapatiza, matenda a kubereka amatenga nthawi yaitali, ndipo ena amatsala ndi fisitula, kutuluka mkodzo kosalekeza, mpaka kukafuna chithandizo ku Bwaila ku Lilongwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chithandizo chili pafupi. Tili ndi chipatala chachikulu pa Boma, china pa Lisungwi, ndi zipatala zing'onozing'ono monga pa Zalewa, Dambe, Magaleta ndi Chifunga. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino kuyambira 2007. Mankhwala a ma ARV adayamba kuperekedwa mwaulere m'dziko muno mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi adakhala dziko loyamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo, kuti mwana abadwe wopanda. Wachinyamata wa zaka 13 kapena kuposerapo akhoza kuyezetsa magazi popanda kudikira chilolezo cha makolo. Nanga n'chiyani chimene chimachititsa mtsikana kumanga mimba ndi chitenje mpaka miyezi 6 osapita ku sikelo? N'chiyani chimachititsa mnyamata kugula makapisozi awiri pa golosale, kumwa, n'kusiya nthenda isanathe, imene pambuyo pake sidzamvanso mankhwala? Ndi manyazi. Ndipo manyazi amenewo amaumbidwa ndi ife akhristu, pa misonkhano ngati uja tidakhala nawo. Ana ena onse a mu kwaya adaona chimene chidamchitikira mnzao, ndipo phunziro limene adatolapo ndi lakuti ukagwa m'vuto ubise.

Tsono tiyankhe amene angatitsutse.

Oyamba adzati kulankhula za thupi ndi ana n'kuwaphunzitsa uchimo. Makolo athu olemekezeka, ana anu akuphunzira kale, ndipo aphunzitsi awo ndi mafilimu a pa foni ndi zidyamakanda. Funso limene latsala ndi lakuti adzamva choona kwa yani. Eklezia sadatiuze kuti tikhale chete. M'chaka cha 1965, Msonkhano Waukulu wa Vatican II, m'chikalata chake cha maphunziro chotchedwa Gravissimum Educationis, udalamula kuti ana akamakula aziphunzitsidwa za thupi ndi za ukwati mwanzeru ndi moyenera msinkhu wawo. Malemu Papa Fransisko adabwerezanso zomwezo mu 2016 m'kalata yake ya Amoris Laetitia. Makolo athu akale adali ndi anankungwi chifukwa ankadziwa kuti kuongola mtengo mpoyamba. Ife tidatsutsa zoipa zina za ku chinamwali, ndipo tidachita bwino, koma m'malo mwake tidaikamo chilangizo cha tsiku limodzi chimene sichitchula dzina la nthenda ngakhale imodzi.

Achiwiri adzati nkhani za m'banja zithere m'banja, ndipo mkhristu ayenera kukhululuka. Pa 6 Julaye chaka chilichonse timakumbukira Maria Goretti Woyera, amene adaphedwa m'chaka cha 1902 ali ndi zaka 11 pokana mnyamata wofuna kumugwiririra. Timakonda kuuza atsikana kuti atengere chitsanzo chake, komanso kuti adakhululukira womuphayo asanamwalire. Chimene timaiwala n'chakuti Alessandro Serenelli adatengedwa ndi apolisi, adazengedwa mlandu n'kugamulidwa zaka 30 m'ndende, ndipo kulapa kwake kudamupeza ali komweko. Banja la Goretti silidalandire mbuzi usiku. Kukhululuka sikudafafanize mlandu. Kuno kwathu lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Munthu wamkulu wogona ndi mtsikana wa zaka 15 wapalamula mlandu waukulu umene chilango chake chikhoza kufika pa ndende ya moyo wonse, ngakhale mwanayo atati adavomera. Chindapusa cha usiku ndi mtengo wogulira chete, ndipo chete ameneyo amamasula bamboyo kuti akapeze mwana wina. Akuluakulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ngati mkhatewo ndi chopereka cha pa pepala sande, tikhale okonzeka kuutaya.

Achitatu adzafuna kutikokera ku mkangano wa makondomu, umene watidyera zaka zambiri. Chiphunzitso cha Eklezia n'chodziwika ndipo tikuchiphunzitsa mosachita manyazi: malo a kugonana ndi m'banja, ndipo kudziletsa ndiyo njira yokhayo imene siphonya poteteza ku mimba ndi ku nthenda. Koma tiyeni tinene zoona. Pamene ife ndi a mabungwe tikukangana za chimene mtsikana ayenera kuchita, mbali zonse ziwiri zikuyang'ana mtsikanayo. Mwana amene lendi yake ili m'thumba la bambo wa golosale alibe mphamvu yonena kuti ayi, alibenso mphamvu youza bamboyo chochita. Kulalikira kudziletsa kwa mwana wanjala, n'kumaombera m'manja munthu amene akumudyera pa njalayo, ndi chinyengo. Ulaliki wa kudziletsa uyambe ndi abambo a ndevu, amene adalonjeza pa guwa.

Inunso anyamata simuli kunja kwa mlanduwu. Si mimba zonse zimene zimachokera kwa zidyamakanda. Zina ndi zanu, inu a Fomu 3 ndi Fomu 4, inu a kabaza, inu amene mumatumikira pa guwa. Mnzanu akatenga mimba inu mumapitiriza sukulu, ena mumathawira ku Blantyre kapena ku Joni, n'kumadzitama kwa anzanu. Umuna umene mudalandirira Ulimbitso ndi wotha kudzigwira, ndipo mukalakwa, ndi wotha kuimirira pambali pa amene mwamulakwira. Ngati mwaona chilonda kapena mafinya, pitani ku chipatala lero lomwe, malizani mankhwala onse, ndipo muuzeni mnzanuyo kuti nayenso akalandire chithandizo, chifukwa mmodzi akachira wina osachira nthenda imabwereranso.

Tikupempha zinthu zotheka, zimene sizifuna thandizo la kunja.

Choyamba, nkhani ya mimba ya mwana ikafika pa msonkhano wa tchalitchi kapena wa mphakati, funso loyamba likhale lakuti mwanayo wapita ku sikelo kapena ayi, ndipo mayi mmodzi wa gulu la amayi a Chikatolika amuperekeze. Funso lachiwiri likhale lakuti mwamunayo ndani. Ngati ndi wamkulu, nkhaniyo ipite ku polisi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana, posayang'ana udindo wake mu mpingo. Katekisiti kapena mkulu wa mpingo asakhalenso mboni ya chindapusa cha mtundu umenewu.

Chachiwiri, mwana amene wagwiriridwa afike ku chipatala maola 72 asanathe, chifukwa pali mankhwala amene amateteza ku HIV akamwedwa m'nthawi imeneyo. Masiku amene abale amataya pokambirana ndi omwewo amene akadapulumutsa mwanayo. Achinyamata nonse sungani pamtima nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Chachitatu, m'maphunziro a Ulimbitso ndi pa misonkhano ya achinyamata tiziitana anamwino ndi azamba, amene ambiri ndi akhristu anzathu, kuti adzafotokoze za matendawa momveka, anyamata paokha, atsikana paokha, makolo akudziwa.

Chachinayi, miphakati yathu idziwe ana onse a sukulu amene akuchita lendi m'dera lake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Banja limodzi limuyang'anire mwana mmodzi, lidziwe ngati wadya ndi amene akugogoda pa khomo pake usiku. Thumba limodzi la ufa lochokera ku mphakati likhoza kutseka khomo limene chidyamakanda chimalowera.

Chachisanu, mtsikana amene wabereka abwerere ku sukulu. Boma lidaloleza zimenezi kuyambira 1993, ndipo malemu Mfumu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idaonetsa kuti n'zotheka pamene idathetsa maukwati a ana mazana ambiri n'kubweza anawo m'kalasi. Abwererenso pakati pathu mu tchalitchi. Nkhani ya moyo wake wauzimu ndi ya iye ndi wansembe mu Sakramenti la Kulapa. Mwana amene walakwiridwa ndi munthu wamkulu sayenera kusenza chilango cha womulakwirayo.

Amishonale a Montfort atafika ku Neno m'chaka cha 1906 sadabwere ndi katekisimu yekha, adatsekulanso sukulu ndi kusamala odwala. Pa 8 Marichi 1992 maepiskopi athu adalemba kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi onse, kudzudzula zolakwa za boma la chipani chimodzi pa nthawi imene kutero kudali kuika moyo pa chiswe. Ndife ana a Eklezia ameneyo. Zingakhale zamanyazi kuti mpingo umene sudaope boma uziopa mwini golosale.

Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Kwathu kuno tazitembenuza: nkhuyu akudya ndi akulu, koma m'mimba mukupota mwa ana. Mtsikana uja adabereka mwana wamoyo, chifukwa azamba adapeza nthendayo nthawi ikadalipo n'kumubaya jakisoni. Tidapita kwao kukapepesa kwa iye ndi kwa mayi ake chifukwa cha funso limene sitidafunse. Mayi akewo adatilandira mwaulemu, koma adatiuza kuti pa malo a malonda paja pali kale mtsikana wina amene wayamba kutenga sopo wa ngongole pa golosale yomweyo. Nkhaniyo taipereka kumene iyenera kupita, ndipo tidzaiikanso pa msonkhano wa mwezi uno. Tikupempha aliyense wa inu amene adzakhalepo kuti pa tsikulo asadzayang'ane pansi.

Maria Goretti Woyera, mutipempherere. Ambuye akhale nanu nonse sabata ino.